Inshuwalansi ya wotsuka mawindo imalipira chiyani, nanga imakana chiyani?

Funso: Ndimakhala ku England ndipo ndatha miyezi 8 ndikutsuka mawindo pandekha, osalembedwa ndi kampani iliyonse. Makasitomala anga ambiri ndi eni nyumba wamba, koma posachedwa woyang'anira nyumba zosanjikizana wandiuza kuti azindipatsa ntchito mwezi ndi mwezi ndikamuonetsa satifiketi ya public liability ya £5 miliyoni. Inshuwalansi imene ndili nayo ndi ya galimoto yokha. Mnzanga amene anayamba kale ntchitoyi akuti kumeneko ndi kutaya ndalama, chifukwa iye atakala galasi la kasitomala kampani yake inakana kulipira. Kodi inshuwalansi imeneyi imalipira chiyani kwenikweni? Kodi lamulo limandikakamiza kukhala nayo? Masiku ena Loweruka msuweni wanga amandithandiza ndipo ndimamupatsa kangachepe. Kodi zimenezi zili ndi kanthu?

Yankho: Bambo, mwachita bwino kufunsa musanasaine chilichonse. Zimene anzanuwo akunena ndikuzikhulupirira, chifukwa zimachitikadi kawirikawiri pa ntchito yanuyi. Koma phunziro limene atengapo ndi limene sindikugwirizana nalo. Sikuti inshuwalansi ndi yachabe. Anagula imene sinali yofanana ndi ntchito yawo, ndipo anazindikira zimenezo galasi litakalika kale.

Tiyambe ndi dzinalo. Public pano ndi munthu aliyense amene si inuyo komanso si wantchito wanu: kasitomala, mwana wake, woyandikana naye nyumba, wobweretsa makalata, ngakhale munthu wongodzidutsira mumsewu. Liability ndi mlandu umene lamulo limakusenzetsani ngati kusasamala kwanu kwavulaza munthu wotereyu kapena kwawononga katundu wake. Ndiye inshuwalansiyi imaima m'malo mwanu pa mlanduwo. Imapereka chipukuta misozi, imalipira maloya a wodandaulayo ngati wapambana, komanso imalipira maloya okuimirirani inuyo. Mbali yomalizayi anthu ambiri amaiiwala. Munthu akhoza kukunamizirani, inu mulibe mlandu uliwonse, komabe kuti zimveke kuti mulibe mlandu pamafunika loya, ndipo loya sagwira ntchito ulele.

Ganizirani za tsiku lanu la ntchito. Paipi ya madzi yadutsa pa kanjira ka oyenda pansi kuchokera ku galimoto yanu, agogo ena akodwa, agwa, fupa la m'chiuno lathyoka. M'nyengo yozizira madzi amene atsika pa mawindo aundana pakhomo, mwini nyumba waterereka potuluka. Mtengo wautali wotsukira uja wakupulumukani m'manja ndi mphepo, wagwera pa galimoto ya woyandikana naye. Mukutsuka mkati, ndowa yagubuduka pa kapeti kapena pa kompyuta. Zonsezi ndi zimene public liability inapangidwira. Za kapeti ndi galimoto mwina mungathe kulipira kuchokera m'thumba mwanu, ngakhale zingakupwetekeni. Za munthu wovulala ndiye ayi. Khoti limawerengera ululu wake, malipiro amene wataya pokhala pakhomo, chisamaliro chimene adzafune mtsogolo, ndipo nayo NHS, imene ndi nthambi ya zipatala za boma, imaitanitsa ndalama zimene yawononga pomuchiza kuchokera kwa amene walipira chipukuta misozicho. Ngati wovulalayo ndi wachinyamata amene sadzagwiranso ntchito moyo wake wonse, ndalamazo zimafika mamiliyoni. N'chifukwa chake masatifiketi amenewa amakhala ndi manambala ochititsa mantha.

Ndipo poti mukugwira ntchito m'dzina lanu, osati ngati kampani ya limited, imene lamulo limaiona ngati yosiyana ndi mwini wake, lamulo silisiyanitsa chuma cha bizinesi ndi chuma chanu. Ngongole ya mlandu ikabwera imagwira galimoto yanu, ndalama zimene mwasunga kubanki, ngakhale nyumba ngati muli nayo.

Pa funso loti kodi lamulo limakukakamizani, yankho ndi lakuti ku England ndi ku Wales ayi. Mukhoza kutsuka mawindo popanda public liability osaphwanya lamulo lililonse. Ku Scotland zimasiyana pang'ono: pansi pa Civic Government (Scotland) Act ya 1982 makhonsolo ambiri amafuna kuti wotsuka mawindo akhale ndi laisensi, ndipo popempha laisensiyo nthawi zambiri amafuna umboni wa inshuwalansi. Kwanuko amene akukukakamizani ndi msika. Oyang'anira nyumba, masukulu, maofesi ndi makhonsolo salola munthu kukwera pa khoma lawo popanda pepala limeneli. Walira mvula walira matope: ntchito zikuluzikulu zimabwera ndi mapepala ake.

Tsopano tibwere pa galasi lija, ndipo pano ndichedwapo chifukwa ndi pamene otsuka mawindo ambiri amagwera. M'mapangano ambiri a public liability muli chiganizo chonena kuti kampani silipira kuwonongeka kwa chinthu chimene mukuchigwira ntchito pa nthawiyo, kapena katundu amene ali m'manja mwanu kuti mumusamalire. Maganizo a makampani ndi akuti iwo amalipira ngozi, osati kulakwitsa ntchito. Kwa wokonza mapaipi a madzi chiganizo chimenechi sichipweteka kwambiri, chifukwa paipi imene akukonza ndi yotsika mtengo poyerekeza ndi nyumba imene ingasefukire. Kwa inu chimapweteka, chifukwa chinthu chimene mumachigwira tsiku lonse, chimenenso chili pafupi kwambiri ndi ngozi, ndi galasilo. Onani kusiyana kwake. Mukutsuka windo la kumtunda, makwerero aterereka n'kuswa windo la pansi limene simunalikhudze: pangano wamba likhoza kulipira. Mukupala utoto pa galasi ndi lezala, mwasiya mizere: pangano lomwelo likana, chifukwa limenelo ndi galasi limene munali kuligwira ntchito. Ndikuganiza kuti anzanu aja anakumana ndi zimenezi.

Mankhwala ake alipo. Makampani amene amadziwa ntchito ya zotsukatsuka amagulitsa chowonjezera chimene pamapepala chimalembedwa kuti damage to property being worked upon, ndipo ena amachitchula treatment risk. Musakhulupirire kuti chilimo chifukwa chakuti pa tsamba la intaneti analemba kuti ndi inshuwalansi ya otsuka mawindo. Chipezeni ndi maso anu m'panganomo, kapena funsani kuti akuyankheni polemba. Mukachipeza, onaninso zinthu ziwiri. Malire ake nthawi zambiri amakhala otsika kwambiri poyerekeza ndi £5 miliyoni ya pa satifiketi. Ndiye pali excess, ndalama yoyamba imene mumalipira nokha pa dandaulo lililonse kampani isanaikepo yake. Tiyerekeze kuti excess yanu ndi £250 ndipo galasi latsopano ndi £300: kampani ipereka £50 yokha. Pamenepo chowonjezeracho sichikuthandizani kwenikweni pa windo limodzi la kukhitchini. Chimaonetsa ntchito yake tsiku limene mwakala zitseko zazikulu zagalasi za nyumba yonse yatsopano, mtengo wake n'kufika masauzande.

Ndikuchenjezeni pa lezala, ngakhale simunafunse. Galasi lolimbitsidwa ndi moto lija nthawi zina limakhala ndi tizidutswa tosaoneka ndi maso totsalira kufakitale, ndipo lezala likatikoka timasiya mizere imene imaonekera dzuwa likawomba. Magalasi ena ali ndi chophimba chapadera kunja kwake, monga aja amati amadzitsuka okha, ndipo lezala kapena mankhwala amphamvu amachiwononga. Kutsuka nyumba imene amisiri angomaliza kumene kumanga ndiye koopsa kuposa zonse, chifukwa kamchenga kamodzi ka simenti pansi pa nsalu kamakwana kukala galasi lonse. Makampani ena salipira ntchito ya mtundu umenewu pokhapokha mutaitchula pogula. Chizolowezi chimene ndimalimbikitsa ndi chosavuta: pa nyumba yatsopano kwa inu, yendani kaye ndi mwini wake, jambulani ndi foni mizere, ming'alu ndi magalasi amene achita nthunzi mkati. Galasi likayera ndi pamene zilema zakale zimaonekera, ndipo amene walitsuka ndi amene amalozedwa chala. Kumbukirani kuti inshuwalansi imalipira pokhapokha mlandu uli wanu pamaso pa lamulo. Silipira chifukwa chongofuna kuti kasitomala asakwiye.

Chachiwiri chimene chimagwetsa anthu ndi kutalika. Pafupifupi pangano lililonse lili ndi malire a msinkhu umene mungagwirepo ntchito, ena mamita 10, ena 15, ena kuposa apo. Poti mukupita ku nyumba zosanjikizana, iyi ndi nkhani yanu mwachindunji. Funsani kuti malirewo amayezedwa bwanji: kodi ndi pamene mapazi anu aponda, kapena pamene burashi yafika? Munthu wogwiritsa ntchito mtengo wopopera madzi amakhala pansi pomwe burashi yake ili pa nsanja yachinayi, ndipo makampani samasulira chimodzimodzi. Ngati mudzagwiritse ntchito makina okweza munthu m'mwamba kapena zingwe zotsikira pa khoma, zimenezo zimafuna kutchulidwa pazokha.

Pa tsamba lotchedwa schedule pali mzere wofotokoza ntchito yanu. Mzere umenewu ndi wofunika kuposa nambala yaikulu ija. Ukangoti kutsuka mawindo, ndiye kuti ndi kutsuka mawindo basi. Koma ndikudziwa mmene ntchitoyi imayendera: kasitomala amati poti mwabwera kale, tachotsaniko masamba mu ngalande za padenga, tatsukaniko denga lagalasi ili, masola awa, kapena pabwalo apa ndi makina a madzi amphamvu. Ndi ndalama, ndipo palibe amene amaikana. Chokhacho n'chakuti ngozi ikachitika pa ntchito imene sinalembedwe, kampani ili ndi chifukwa chokanira. Lamulo la Insurance Act ya 2015, limene linayamba kugwira ntchito mu 2016, limafuna kuti wogula inshuwalansi ya bizinesi afotokoze moona ndi momveka zonse zimene zingakhudze chiganizo cha kampani. Mukabisa dala, kampani ikhoza kufafaniza pangano lonse n'kusunga ndalama zimene munapereka. Mukaiwala mosazindikira, chilango chimakhala chofanana ndi kulakwako. Mwachitsanzo ngati munalipira theka la ndalama imene akanakulipiritsani mukananena zoona, akhoza kulipira theka la dandaulo, theka linalo n'kukhala lanu. Pa mlandu wa £200,000 thekalo ndi ngongole imene ingakutsateni zaka zambiri. Choncho nenani zonse: ntchito zowonjezera, kutalika, ndalama zimene mumapeza pachaka, madandaulo akale ngati alipo, ndiponso kuti tsopano mukuyamba nyumba zamabizinesi. Ntchito ikasintha pakati pa chaka, imbani foni, musadikire tsiku lokonzanso pangano.

M'panganomo mupezanso mawu okupemphani kuchita zonse zoyenera kupewa ngozi. Apa ndi pamene malamulo a Work at Height Regulations a 2005 amalowera, ndipo amakhudzanso munthu wodzigwirira yekha ntchito. Malamulowa sanaletse makwerero monga ena amanenera. Amati ngati ntchito ingatheke muli pansi, igwireni muli pansi, ndipo makwerero akhale a ntchito yaifupi ndi yosaopsa kwambiri. Bungwe la boma loona za chitetezo pa ntchito, la Health and Safety Executive, limalangiza kuti makwerero otsamira khoma apendekeke madigiri 75, kutanthauza mita imodzi kutuluka pa mamita 4 aliwonse okwera. Zikwangwani zochenjeza pa paipi, mchere pakhomo m'nyengo ya chisanu, kuyang'ana makwerero musanakwere, zonsezi zimachepetsa ngozi, komanso tsiku la mlandu ndi umboni woti munasamala.

Nkhani ya msuweni wanu ili ndi kanthu, ndipo ingakupalamulitseni ku boma. Public liability sikhudza wantchito wanu. Iye akagwa pa makwerero, mlandu wake umapita ku inshuwalansi ina yotchedwa employers' liability, ndipo imeneyi ndi yokakamiza pansi pa lamulo la 1969. Iyenera kukhala ya £5 miliyoni kapena kuposa, ngakhale makampani ambiri amangopereka ya £10 miliyoni. Chindapusa chopanda inshuwalansiyi chikhoza kufika £2,500 pa tsiku lililonse. Mwina mukuganiza kuti munthu wa Loweruka lokha si wantchito. Lamulo siliyang'ana dzina limene mwamupatsa kapena kuchepa kwa ndalama. Limayang'ana kuti akugwiritsa ntchito zida zanu, mukumuuza kopita ndi chochita, ndipo mukumulipira pa nthawi imene wagwira. Zikakhala choncho, kawirikawiri amawerengedwa ngati wantchito. Pali mwayi wina wa mabizinesi apabanja amene si a limited, woti safunika inshuwalansiyi ngati antchito onse ndi achibale apafupi. Koma samalani, chifukwa ife tikati m'bale timatambasula kwambiri, pomwe lamuloli lili ndi mndandanda wake wopapatiza: mkazi kapena mwamuna wanu, makolo, agogo, ana, zidzukulu, achimwene ndi achemwali a bere limodzi kapena a kholo limodzi, ndi ana kapena makolo opeza. Msuweni mulibe. Mlamu mulibe. Ndipo ngakhale akanakhala pa mndandandawo, ine ndikanakulangizanibe kuti mugule, chifukwa kusakakamizidwa kugula sikuchotsa mlandu. M'bale akapuwala pa ntchito yanu, banja lonse lidzayang'ana kwa inu. Muuzeninso wokugulitsani public liability kuti mumakhala awiri masiku ena, kuti zimene msuweniyo angawononge zikhale m'pangano.

Pali chinanso chimene ndikufuna chikulowereni bwino, chifukwa ndaona anthu akuchimva mochedwa. Inuyo mukagwa, public liability sikupatsani kanthu. Kugwa kuchokera pamwamba ndi chimodzi mwa zinthu zimene zimapha ndi kupundula anthu ambiri pa ntchito ku Britain, ndipo munthu wodzigwirira yekha salandira malipiro a odwala ochokera kwa bwana. Mwendo ukathyoka, miyezi ingapo palibe cholowa. Zoteteza inuyo ndi inshuwalansi ya personal accident kapena income protection. Zida zanu zikabedwa, imeneyonso ndi inshuwalansi ina, ndipo yambiri imakana kulipira ngati zida zinagona m'galimoto usiku. Galimoto nayo ili ndi zake: ngozi imene yachita pamsewu imapita ku inshuwalansi ya galimoto, osati ku public liability. Onetsetsani kuti imene muli nayoyo ikulola ntchito ya bizinesi, ndipo ngati munaikamo thanki ya madzi, auzeni. Lita imodzi ya madzi ndi kilogalamu imodzi, ndiye thanki ya malita 500 ndi theka la tani kumbuyo kwanu.

Za kuchuluka kwake sizovuta. Mapangano amabwera pa £1 miliyoni, £2 miliyoni, £5 miliyoni ndi £10 miliyoni. Woyang'anira nyumbayo wapempha £5 miliyoni, ndipo imeneyi ndi imene makhonsolo ndi mabizinesi ambiri amapempha, choncho itengeni. Kusiyana kwa mtengo pakati pa 2 ndi 5 nthawi zambiri sikukhala kwakukulu monga manambalawo akuonekera. Ndalama imene mumalipira inshuwalansi ya bizinesi imachotsedwanso pa phindu powerengera msonkho ku HMRC. Pogula, ine ndimakonda broker, mkhalapakati wokupezerani inshuwalansi ku makampani, amene amadziwa ntchito za zotsukatsuka kuposa masamba ofananitsa mitengo, chifukwa masambawo amaika patsogolo wotsika mtengo, ndipo wotsika mtengoyo nthawi zambiri ndi amene wachotsa galasi lija. Bungwe la British Insurance Brokers' Association limathandiza kupeza broker, ndipo la Federation of Window Cleaners ndi la anthu a ntchito yanu. Aliyense amene akukugulitsani, muyang'aneni kaye pa kaundula wa Financial Conduct Authority, bungwe loyang'anira makampani a zachuma. Safunsa anadya phula: muuzeni broker nkhani ya anzanu ija momwe mwandiuzira ine, ndipo mumufunse kuti pangano lake likanalipira kapena ayi.

Ngozi ikachitika, thandizani wovulala choyamba, itanani ambulansi ngati kuli kofunika. Kenako jambulani malowo, lembani nthawi ndi mayina a amene anaona, ndipo dziwitsani kampani tsiku lomwelo kapena mawa lake, ngakhale palibe amene wadandaula. Kuchedwa kunena ndi chifukwa china chimene makampani amakanira. Chovuta kwa munthu waulemu ndi ichi: pangano limakuletsani kuvomera mlandu kapena kulonjeza kulipira. Kuchitira munthu chifundo n'kololedwa, ndipo muyenera kutero. Koma mawu oti mlandu ndi wanga, ndilipira zonse, asiyeni, chifukwa amamanga manja amene akuyenera kukuimirirani. Kalata ya loya ikabwera musaiyankhe nokha, itumizeni ku kampani.

Musataye masatifiketi akale. Ku England ndi ku Wales, pansi pa Limitation Act ya 1980, munthu wovulala ali ndi zaka 3 zoti akasume, ndipo pa katundu wowonongeka ndi zaka 6. Ngati wovulalayo ndi mwana, zaka 3 zija zimayamba kuwerengedwa akakwanitsa zaka 18. Public liability nthawi zambiri imayang'ana tsiku limene ngozi inachitika, choncho dandaulo likabwera patapita zaka, kampani imene munali nayo pa tsikulo ndi imene imayankha, ngakhale munasintha kalekale. Zikutanthauzanso kuti miyezi 8 imene mwagwira kale ija palibe pangano latsopano limene lingaibwerere. Ngati pali china chimene chinachitika m'miyezi imeneyo, chineneni pogula.

Kampani ikakana kulipira ndipo inu mukuona kuti yalakwa, lembani dandaulo kwa iyo yomweyo. Ili ndi masabata 8 oti iyankhe. Mukapanda kukhutira, muli ndi miyezi 6 kuchokera pa yankho lomaliza yoti mupite kwa Financial Ombudsman Service, amene amamva nkhani za mabizinesi ang'onoang'ono ngati yanu popanda kulipiritsa. Ngati anzanu aja anakanidwa posachedwa ndipo powagulitsa anawauza kuti galasi lili m'pangano, njira imeneyi ikhoza kukhala idakali yotseguka kwa iwo.

Musanasaine ndi woyang'anira nyumbayo, mufunseni ngati azikupatsani makiyi a zipata kapena a zipinda za madzi. Akatero, pemphani kuti m'pangano lanu muwonjezedwe loss of keys. Kiyi imodzi ya nyumba wamba ikatayika ndi loko mmodzi, koma kiyi yotsegula zitseko zonse za nyumba yosanjikizana ikatayika amasintha maloko onse, ndipo public liability wamba nthawi zambiri silipira zimenezo.